Amake Tibenderana

Chenjezo linaperekedwa poyera, pa maikolofoni, azimayi oposa zana akumva. Linali tsiku la kicheni pate ya Winifred, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, mu holo ina ku Woodlands. Mlamu wake Cathy anabwera kutsogolo akuvina ndi mphatso yake, ketulo yamagetsi, ndipo m'malo mofotokoza ntchito ya ketuloyo monga ankachitira anzake onse, anagwira maikolofoni ndi manja awiri nati:

"Mulamu, banja yathu ni yabwino. Sibamenya, sibamwa maningi. Koma chimozi chabe nikuuzani: musakabale mu mwezi wa rali."

Holo yonse inafa nako kuseka. Oimba ng'oma anawonjezera moto, nthungululu zili pakamwa. Winifred anali atawerama pa mphasa monga mkwatibwi amayenera kuchitira, maso pansi, ndipo anangomva phewa la mlangizi wake likugwedezeka. Palibe anafunsa kuti Cathy akutanthauza chiyani. Ndipo ngakhale akanafunsa, kodi mwana amawerenga kalendala?

Patapita zaka ziwiri mwana anabadwa, wamkazi, tsiku Lachinayi, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti rali iyambe.

Rali imeneyi ndi mpikisano waukulu uja wa magalimoto othamanga m'misewu ya fumbi ya m'mafamu kunja kwa Lusaka, kuyambira Lachisanu mpaka Lamlungu, wobweretsa madalaivala ochokera m'maiko ena. Miyezi khumi ndi umodzi pachaka, mwamuna wa Winifred, Abson Kalenga, anali munthu wofatsa. Ankadzuka, kupita ku galaji ku Emmasdale kukawongola magalimoto ophwanyika, kubwerako ndi buledi m'khwapa. Mwezi wotsalawo ankakhala ngati wagwidwa ndi mizimu. Anali mashalo, mmodzi wa anthu odzipereka aja ovala malaya achikasu owala, ndipo ntchito yake inali kuima pothera gawo la mpikisano ndi kulemba nthawi pa khadi la dalaivala aliyense. Ntchito imeneyi ankainyadira kuposa satifiketi yake.

"Nikalemba na bolopeni pa khadi, yasila," ankatero. "Olo ni champiyoni, olo alile, olo aitane loya. Chamene chalembeka chalembeka."

Lachiwiri mchombo wa mwana unagwa. Winifred anaukulunga m'kansalu mosangalala, chifukwa mchombo ukagwa ndiye kuti mwana atha kupatsidwa dzina. Iye dzina anali nalo kalekale: Charlotte, la amayi ake amene anamwalira ku Katete asanaone mdzukulu. Ali ndi pakati anamuuzapo Abson, ndipo Abson anayankha kuti, "Tizaona," akusisita mimba. Winifred anaitenga tizaona imeneyo ngati inde.

Madzulo ake Abson atafika anaonetsedwa kansalu kaja. Anawomba m'manja kamodzi, phaa, mpaka mwana anadzidzimuka.

"Waona mwana uyu, Wini? Aziba nthawi! Zina izabwela pa Sondo, fifitini awazi."

"Libwera ndi ndani?"

"Na wamene azawina."

Winifred anaseka. Anayang'ana nkhope ya mwamuna wake, kuseka kuja kunauma.

"Ba Abson, mwanayu ndi wamkazi."

"Nanga motoka iziba?"

Anatulutsa pepala la mayina a opikisana. Magalimoto analipo makumi atatu ndi imodzi, koma malinga ndi Abson, oti n'kupambana anali awiri okha: Abednego Chibesa wa ku Kitwe, ndi katswiri wa ku Uganda wotchedwa Tibenderana.

"Abednego? Mwana wanga wamkazi?"

"Tizamuitana Abi. Ni zina ya mu Baibo, Wini. Analowa mu mulilo sanapye. Imwe ba Reformed muyenela kukondwela."

"Nanga akawina winayo?"

"Sangawine," anatero Abson. Koma ananena akuyang'ana kukhoma.

Kenaka anatenga khadi la kusikelo la mwana, limene anamwino anasiya mzere wa dzina wosalemba, naliika mu fayilo yake yapulasitiki pamodzi ndi mapepala a umashalo. "Mande tiyenda tonse ku kiliniki, balembe zina ya champiyoni."

Ku Kabwata, kumene ankakhala, nkhani siigona. Lachitatu m'mawa Winifred akuyanika matewera, amake Mwape a nyumba yoyandikana anasuzumira pamwamba pa mpanda.

"Amake Tibenderana, mwauka bwanji?"

"Awe imwe, musamupase minyama," anayankha mayi wina kumpopi. "Ni amake Abednego!"

Onse awiri anaseka mpaka kugwirana. Winifred anaima ndi thewera m'manja likudontha. Usiku wonse ankadera nkhawa mwana, osaganizako za iye mwini. Mayi akabala mwana woyamba, dzina lake la ubwana limapita kukagona, ndipo anthu amamuitana ndi la mwanayo mpaka tsitsi kuyera. Anadziona ku msika wa Soweto akusankha tomato, wogulitsa akukuwa, "Amake Tibenderana, bwelani kuno!" Anadziona ku Chigwirizano cha azimayi a kutchalitchi, atavala yunifolomu, mlembi akuvutika kutchula. Anaona kamtsikana ka giredi wani kataima pamzere, kachikwama kumsana, aphunzitsi akupuma kaye asanaitane dzina.

Winifred anali kale mayi wamantha. Ankaika chala pamphuno pa mwana kangapo pa ola kuti amve mpweya, ankawiritsa chilichonse chowiritsika, ndipo mlendo akayetsemula pakhomo ankamuyang'ana mpaka achoke. Tsopano mantha aja anapeza ntchito yatsopano. Akuyamwitsa, dzanja lina linali pa foni. Pofika masana ankadziwa kuti Tibenderana wapambana kale m'maiko atatu chaka chomwecho, kuti galimoto ya Chibesa ndi yamphamvu koma imatentha, ndiponso kuti m'galimoto mumakhala anthu awiri, wina wowerenga njira. Anasanthula pepala lija kufuna dzina la mkazi, nalipeza pa nambala 29: Pearl Salifyanji. Pearl! Dzina labwinobwino. Anafufuza zambiri, napeza kuti chaka chatha Pearl anathera m'munda wa chimanga cha eni ake. Winifred anatseka maso napemphera kuti magalimoto makumi awiri ndi asanu ndi atatu a patsogolo pa Pearl afe mainjini, koma Ambuye, popanda wovulala.

Choipa china n'chakuti ataonera kavidiyo ka galimoto ikuuluka pa kamtunda, matayala onse anayi m'mwamba, anamva mawu akuti "Iyee!" ndipo anali ake omwe. Anayang'ana mwana mwamanyazi.

Atatero anaimbira apongozi ake ku Chelstone. Bana Brian, ndiko kuti amake Brian, amayi ake a Abson, anali mayi wa bungwe la Anna Woyera, wosaphonya Misa ya m'mawa, woti akayang'ana mwana wake wazaka makumi atatu amachotsa chipewa yekha. Anamvetsera zonse osadula mawu.

"Nibwela mailo, mwana wanga," anatero. "Osadandaula."

Lachinayi dzuwa litapendeka, pansi pa mtengo wa mapeyala kunja kwa nyumba panali ngati pa siteshoni. Abson anaweruka msanga. Mkulu wake Brian, wogulitsa matikiti a mabasi ku Intercity, anabwera ndi mawu ake a ku Intercity omwewo. Amuna a nyumba zoyandikana anadza ndi timipando tawo. Anajambula njira ya mpikisano pansi ndi kamtengo, zitsekerero za mabotolo n'kukhala magalimoto. Mkangano unali umodzi. Tibenderana, poti ndiye katswiri, adzanyamuka poyamba. Kodi limenelo ndi dalitso kapena tsoka?

"Woyamba amapyanga miyala!" anakuwa Abson. "Apyangila Chibesa njila, monga wa kanselo!"

"Iwe, wakambapo chani? Chibesa azayenda mu fumbi ya munzake, azaona chani? Azapeza ali ku Kabwe!"

"Ba Brian, imwe muziba chabe mabasi. Basi ya ku Nakonde ni rali?"

"Kwela ya usiku uzaniuza!"

Chitsekerero chimene chinali Chibesa chinagwera mu ngalande, wina nati ndi ulosi. Abson anachitola, nachipukuta pa malaya, nachipsompsona. Winifred ankaona zonsezi pa zenera, mwana ali paphewa, maso ali ku geti.

Takisi inaima. Munatuluka chitenje cha Anna Woyera, ndipo Winifred anapuma mpweya wautali. Kenaka munatuluka mutu. Pamutupo panali kapusi yofiira yakalekale, yosuluka ndi dzuwa, ndipo pakhosi, pambali pa korona, pankalendewera wezulo. Bana Brian anaima pa geti, naiika pakamwa. Pyeee!

"Nindani akamba ati Chibesa? Chibesa ayopa makona!"

Brian analumpha nanyamula amayi ake m'mwamba. Abson anagwira mutu. "Bamayo, naimwe?"

"Miyala ni miyala, mwana wanga," anatero bana Brian atabwezedwa pansi. "Koma fumbi ni ya bobwela kumbuyo. Wamene anyamuka poyamba saiona."

 Winifred anatuluka, nagwada, napereka moni. Atafunsana za mwana, anatsitsa mawu. "Amayi, nkhani ija ndinakuuzani pa foni."

"Ya zina? Nanga muganiza Brian anaichosa kuti zina yake?"

Amuna onse anaombera m'manja ngati nyimbo yodziwika yayamba. Bana Brian anafotokoza ataimirira, manja akuuluka. Malemu amuna awo nawonso anali mashalo. Iwo bana Brian ankagulitsa zitumbuwa kwa oonerera pa kona ina yoopsa, ndipo chaka china mimba inawawira pomwepo, galimoto yachisanu ikudutsa. Anapambana mlimi wina wotchedwa Brian. Patapita zaka zitatu, mwezi womwewo, anapambana makaniko wina wotchedwa Abson.

"Ise ba Kalenga tibadwa mu fumbi!" anakuwa Brian.

Abson anathamangira m'nyumba, nabwera ndi katoni yophwatalala imene inkakhala kuseri kwa kabati. Winifred ankaiona posesa koma anali asanaiwerengepo. Panali mayina a opambana chaka ndi chaka, oyamba m'zilembo za malemu, otsiriza m'zilembo za Abson. Pa mayina awiri panali chizindikiro chofiira. Amuna anaiyang'ana mwaulemu ngati chithunzi cha ukwati.

Winifred anaiyang'ananso, koma ndi maso ake aja oona nyerere pa bulangeti. Ana a bana Brian analipo atatu: Brian, Abson ndi Cathy. Zizindikiro zinali ziwiri. Winifred ndi Cathy anabadwa chaka chimodzi, ndipo tsiku lobadwa la Cathy nthawi zonse linkasokonezedwa ndi rali. Anatsitsa maso pa mzere wa chaka chimenecho. Panalembedwa kuti Stavropoulos. Chizindikiro panalibe.

Anadzutsa mutu, napeza apongozi akumuyang'ana pansi pa kapusi.

"Abson," anatero bana Brian, "leta khadi ya mwana nione makilo ya muzukulu wanga. Ise tilowa mukati, kuno kuli mphepo."

Abson anasolola khadi mu fayilo, napereka osayang'ana, chifukwa Brian anali atasuntha kale chitsekerero cha Chibesa kuchibweza kumbuyo.

Kuchipinda bana Brian anakhala pa bedi, nalandira mwana, nayamba kumuwerenga tizala ta kuphazi. Winifred anatseka chitseko. Chinalira, kwiii, monga mwa masiku onse. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi awo.

"Amayi, chaka chimene anabadwa a Cathy anawina Stavropoulos."

Bana Brian anamaliza phazi limodzi, nayamba linalo. "Muli na menso, imwe."

Panja wina anakuwa kuti matayala a Tibenderana ndi a mvula.

"Bashi Brian," anatero, kutchula malemu amuna awo, "mu sabata ya rali benze kugona monga mwala. Kulema na kukamba. Ine ninanyamuka nkhuku zikalibe kulila, Cathy kumusana, khadi mu chitenge. Nenze woyamba pa laini ku kiliniki. Pamene beve bauka, nasi anasiliza kudala kulemba."

"Sanakalipe?"

"Masiku yabili sibanadye vakudya vanga. Ati wanibela. Ine ninafunsa chabe ati, ba mashalo, chamene chalembeka pa khadi chimafutika? Bananiyangana. Siku yachitatu ninabamvela bauza banzawo ati mukazi wanga ananyamuka bwino kuchila madalaiva bonse."

Winifred anagwira pakamwa kuti kuseka kusamveke panja. "Ndiye bwanji simunandiuze pa foni, amayi? Ine dzulo ndinapempherera mainjini a anthu kuti afe!"

"Rali sibamuwinila muntu. Nenze kufuna nione ngati muona njila mweka." Anakonza kapusi. "Brian ni zina yabwino, ninaileka. Abson nayo ninaileka. Koma Stavropoulos, awe mwandi. Na uyu Tibenderana nimukonda pa siteling'i, osati pa muzukulu wanga. Zina muli nayo?"

"Charlotte. Amayi anga."

Bana Brian anaweramira mwana. "Charlotte," anaitana chapansipansi. Mwana anayasamula, natambasula kadzanja. "Wamvela. Wayankha."

Anatenga khadi lija nalilowetsa pakati pa matewera opindidwa.

Apa mantha a Winifred anadzuka onse pamodzi. Abson adzadzuka faifi koloko kupita ku msonkhano wa amashalo, ndipo chinthu choyamba adzatsegula fayilo. Ndiye kuti kunyamuka n'kusanache. Mwana wa masiku asanu ndi atatu, mphepo ya mbandakucha, agalu a m'njira, anthu otsokomola pamzere. Nanga Abson? Sanamunamizepo chiyambire ukwati wawo. Anaganiza za nkhope yake akutsegula fayilo, ndipo mtima unamupweteka, chifukwa munthuyo sankachita mwankhanza. Iye ankaona ngati akupatsa mwana wake mwayi wa opambana.

Pomwepo mawu a amake Mwape anadutsa pa zenera. "Amake Tibenderana! Nibwelekeniko sefa!"

Winifred anatenga foni naimbira Cathy.

Cathy anaseka nthawi yaitali, mpaka Winifred anachotsa foni kukhutu. "Mulamu, ninakuuzani pa maikolofoni! Pa maikolofoni, na ketulo mumanja!"

"Ndamva tsopano. Galimoto yanu ili ndi mafuta?"

"Ili nayo."

"Folo koloko. Musafike pa geti, muime pa kona ya amake Mwape, muzimitse nyale. Mutseke mawindo onse, mwana asamve mphepo. Mudutse njira ya kumsika, ya kutchalitchi ija ili ndi maenje awiri, lachiwiri ndi lalikulu. Ndipo musathamange."

"Imwe mulamu, mwayamba kubelenga njila monga muli mu rali!"

Winifred anadula foni, akumva chisangalalo chofanana ndi chimene anamva poona galimoto ija ikuuluka. Anasonkhanitsa zipewa ziwiri za mwana, masokosi, bulangeti lochindikala, ndi bolopeni yakeyake kuopa kuti ya anamwino ingakane kulemba. Bana Brian anati agona konkuno pa mpando wautali, ndipo Abson akadzuka msanga adzamufunsa za makona a Chibesa mpaka dzuwa lituluke.

"Chasala ni chiseko chija," anatero, akuloza ndi mlomo. "Chimalila."

Winifred anatenga botolo la saladi, mafuta ophikira aja, ndi nthenga ya nkhuku, nagwada pa chitseko cha kuchipinda. Asanadonthetse n'komwe, Abson analowa kudzatenga madzi akumwa, thukuta lili chuchuchu, mawu atasasa.

"Wini, uchita chani?"

"Chimalira," anayankha. "Chimadzidzimutsa mwana."

"Na saladi? Mu nyumba ya makanika? Ufuna bantu baniseke?"

Anatuluka, nabwera ndi kachitini kake ka oyilo ka mlomo wautali. Anadonthetsa pamwamba, anadonthetsa pansi, napukuta ndi chala. Kenaka anati pakhomo pa mashalo sipachitika ntchito yatheka, napita kukathiranso chitseko chakunja, ndiponso geti. Anabwerera, natsegula chitseko cha kuchipinda, natseka, natsegulanso, khutu ataliyandikiza.

"Mvela," anatero monyadira. "Zii. Olo njovu ingapite apa, palibe angauke."

"Zikomo, ba Abson," anatero Winifred.

Bana Brian anali atatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka, wezulo ikugundana ndi korona.

Abson anapsompsona mwana pamphumi, namunong'oneza kuti apempherere Chibesa, nathamangira panja kumene Brian ankalengeza kuti fumbi la mawa lidzaoneka mpaka ku Kabulonga. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Winifred anatchera alamu pa hafu pasiti fili, anaichotsa mawu kuti izingonjenjemera, naikulunga foni m'mphepete mwa chitenje chake, pamimba, pamene palibe wina angaimve. Nsapato zake anaziika pafupi ndi chitseko, zitaloza kunja.